Bisani Malaya, Mayi Agula Sizasi

Kale chigamba chinali chamanyazi. Mwana wasukulu amene kabudula wake anali ndi chigamba kumbuyo ankapemphera kuti asaitanidwe kubolodi, ndipo akaitanidwa ankalemba atayang'ana kalasi, dzanja lokha likugwira ntchito kumbuyo. Lero amayi a m'tauni akukwera minibasi kupita ku Limbe, ena akutuma abale ku Taifa Market ku Mzuzu, kukagula zitenje zatsopano zonunkha sitolo. Akafika nazo kunyumba azichapa, azisita, kenako atenge sizasi n'kuziduladula. Akatha kudula, ayambe kulumikiza. Pakatha miyezi itatu akuonetsani nsalu imodzi yaikulu, nkhope ili ngwee ndi chimwemwe. Musawakumbutse kuti poyamba paja nsaluyo inalinso imodzi.

Agogo ena ochokera ku Ntcheu anapeza mdzukulu wawo ali pa ntchito imeneyi.

"Iwe, nsaluyi yalakwa chiyani?"

"Sinalakwe agogo. Ndikusoka chofunda cha zigamba."

"Yang'ambika pati?"

"Sinang'ambike."

"Ndiye chigambacho ukuika pa chiyani?"

"Pa chigamba chinzake."

Agogo anakhala chete, nafwenkha fodya wawo. Madzulo anaitanira pambali mwamuna wa mdzukuluyo n'kumunong'oneza kuti, "Amuna anga, mkazi mnzangayu zimenezi zamuyamba liti? Musabise matenda."

* * *

Oyamba kumva kuwawa m'nyumba yotere ndi abambo. Mlamu wanga wina malaya ake anayamba kusowa limodzilimodzi. Anakayikira mnyamata wantchito, anakayikira ana a neba, anafika mpaka pofunsa anzake ku bawo ngati akudziwa munthu wodziwa kutsirika chingwe choyanikapo zovala. Usiku wina wa mu June mkazi wake anayala chofunda chatsopano pabedi. Mlamu anagona chagada, getsi likuyaka, n'kuyamba kuzindikira abale ake.

"Mayi a ana, awa si malaya amene ndinavala pa chinkhoswe?"

"Kolala inali itatha."

"Nanga a mizeremizere awa?"

"Mimba yanu inawakana kalekale."

"Koma buluku ili ndalivala Lamlungu lapitali!"

"Linali ndi mtundu umene ndimaufuna. Bambo, mwakhala mukulira kuti zovala zanu zikusowa. Si izi zonse zapezeka malo amodzi? Gonani."

M'mawa anaona kuti thumba la malaya a chinkhoswe aja analisokerera momwemo, batani lake lili pompo. Mtima unagunda, poti ankadziwa chimene anasungamo. Anapisamo zala n'kutulutsa kapepala kolembedwa ndi dzanja limene amalidziwa bwino: "Ndagulira ulusi. Zikomo."

* * *

Amene sanagwirepo ntchitoyi amaganiza kuti ndi kungolumikiza nsanza. Ayi ndithu, muli masamu, ndipo masamu ake alibe chisoni. Msoko uliwonse umadya nsalu. Osoka zofunda zotere ku America amasiya kota ya inchi m'mphepete, amene ndi pafupifupi mamilimita 6. Ndiye mukadula kachidutswa ka masentimita 10 mbali zonse, msoko ukaluma uku ndi uku, kamene kamaoneka pamwamba ndi ka masentimita 8.8 basi.

Mayi wina wa ku Dedza nkhani imeneyi anaimva mochedwa. Anayeza bedi, anapeza kuti akufuna chofunda cha masentimita 180 m'lifupi ndi 200 m'litali. Anawerenga bwinobwino: tizidutswa 18 uku, 20 uku, tonse 360. Anadula, anasoka, anasita msoko uliwonse. Chitatha, chofunda chinatuluka 158 uku ndi 176 uku. Mwamuna wake ndi wamtali, wa mtundu uja woweramira pakhomo. Ndipo Dedza mu July mukumudziwa, madzi a mumtsuko amaluma mano.

Usiku woyamba bambo anakokera chofunda kumutu, mapazi anatuluka. Anakankhira kumapazi, mapewa anatuluka. Pofika tambala woyamba anadzutsa mkazi wake.

"Mayi, chofundachi n'chachifupi."

"Chofunda chili bwino. Ndinu amene mwatalika."

"Ndatalika liti?"

"Pindani miyendo. Anzanu onse amagona chopinda."

Nkhaniyi inafika kwa ankhoswe. Ankhoswe a kuchimuna anabwera ndi tepi, a kuchikazi anabwera ndi mawu. Atayeza chofunda, n'kuyezanso mwini dandaulo, anagamula kuti mayi awonjezere mizere itatu kumapazi ndipo bambo apereke nsalu yake. Bambo anapereka jekete. Tsopano mapazi akufunda, koma kumaliro amapita ndi juzi.

* * *

Telala wa pakhonde la sitolo kwathu kuno ali ndi mawu amodzi amene amauza aliyense: "Nsalu yanu inatha yonse, mayi, mpaka ndinachita kuwonjezera yanga." Mupite ndi mamita awiri, yatha. Mupite ndi mayadi asanu ndi limodzi kukasoketsa kabulauzi ka mwana, yathanso. Zaka zonsezi anthu ankangovomera, poti ndani angatsutsane ndi munthu wopachika tepi m'khosi.

Tsoka linabwera mkazi wa telalayo atayamba kusoka zofunda. Anasoka chachikulu, chokongola zedi, n'kuchiyanika pachingwe Loweruka m'mawa, nthawi imene amayi amadutsa popita kumjigo. Woyamba anaima. "Iyi si nsalu ya diresi langa la Khirisimasi?" Wachiwiri anatula ndowa. "Iyi ndi ya ukwati wa mng'ono wanga, tinasoketsa anthu khumi ndi awiri." Wachitatu anapeza yunifomu ya kwaya. Pofika 9 koloko panali khamu, aliyense chala chili pa chigamba chake. Mayi wina wachikulire anafufuza kuyambira pamwamba mpaka pansi, osapeza yake, ndipo ndi amene anakwiya kuposa onse.

"Ndiye kuti nsalu zanga ine n'zonyansa?"

Telala anatuluka, nayang'ana chofunda, nayang'ana khamu, n'kunena modekha kuti, "Amayi, mwaona kusamala kwake? Palibe ngakhale kamodzi kamene kanatayika."

* * *

Azakhali anga alibe chipani, koma alibe msonkhano umene anauphonya chiyambire 1994. Kukamveka kuti kubwalo la sukulu kukugawidwa nsalu, iwo ali kutsogolo, nthungululu ili pakamwa. M'sutikesi mwawo munadzaza: ya tambala wakuda, yachikasu, yabuluu, ya olenji, yofiira. Anthu anasintha, maboma anasintha, sutikesi inangolemera. Chaka china njenjete zitayamba kulawako, anaganiza zosoka chofunda.

Vuto la nsalu ya chipani ndi nkhope. Mukaidula tizidutswa, nkhope imabalalika. Apa diso la mtsogoleri uyu, pambali pake khutu la mdani wake, pansi pake chibwano cha wina amene anachotsedwa m'chipani kalekale. Atsibweni, amuna awo a azakhali, anafunda usiku umodzi wokha n'kubwerera ku bulangeti lawo lakale.

"Sindingagone. Akundiyang'ana."

"Ndani?"

"Onse. Ndipo aliyense ndinamulonjeza voti."

Koma azakhali anapeza phindu lina. Mlendo akamabwera, amayamba afunsa kuti ndi wa mbali iti, ndiye amapinda chofundacho mwaluso kuti mtundu woyenera ukhale pamwamba pa mpando. Khansala anafika, anaona mtundu wake, anasiya shuga. Amene ankapikisana naye anafika mawa lake, anaona wake, anasiya sopo. Atsibweni amati mwa migwirizano yonse ya zipani imene aiona m'dziko muno, wa azakhali wokhawu ndi umene sunaphwasuke, chifukwa anaubwereza msoko kawiri.

* * *

Nsalu za mabungwe nazo zili ndi msampha wake, poti zimabwera ndi uthenga. Ina imati tizigona m'masikito usiku uliwonse, ina imati tizisamba m'manja ndi sopo, ina ya zaulimi, ina ya kulera. Mtsikana wina wongokwatiwa kumene anaduladula zonsezi osawerenga, maso ali pa mitundu yokha. Apongozi ake aakazi atabwera kudzacheza, anawayalira chofunda chatsopanocho monyadira. Apongozi anavala magalasi kuti ayamikire ntchito ya manja. Pamtima penipeni pa chofunda, zigamba ziwiri zinakumana n'kupanga chiganizo cha zilembo zazikulu: SAMBANI USIKU ULIWONSE.

Apongozi anavula magalasi, nawapukuta, nawavalanso. Anatembenuza chofunda kuti mwina kumapazi kuli mawu abwinoko. Kumeneko kunalembedwa kuti ANA ACHULUKA.

Anakwera basi yoyamba. Mwana wawo akuyesabe kufotokoza mpaka lero.

* * *

Chofunda chenicheni cha mtunduwu chimakhala ndi zigawo zitatu: chapamwamba cha zigamba chija, chapansi cha nsalu imodzi, ndi chapakati chobweretsa kutentha. Zitatuzi mumazisoka pamodzi, mizere yodutsa ponseponse, kuti chapakaticho chisamathawire kungodya mukachapa. Kunja amagula thonje lopalidwa kale la m'mipukutu. Kuno ambiri amaikamo bulangeti lakale, ndipo ndi nzeru yabwino, bola likhale limodzi.

Mayi wina wa ku Bangwe anaikamo atatu, poti chiperoni chikatsika kumeneko sichiseka ndi munthu. Anawonjezera makatani akale awiri kuti pasakhale chotsala. Mlendo woyamba kufunda anali mlaliki wochokera kutali, munthu wochepa thupi, amene anayenera kulalikira pa mapemphero a m'mamawa. Belu linalira, mlaliki osaoneka. Nyimbo yoyamba inatha, yachiwiri inatha. Atapita kukagogoda anamva mawu ochokera pansi penipeni: "Abale, ndadzuka kalekale. Tandichotsani."

Wina ndiye anafuna kuchita zenizeni. Mchimwene wake amalima thonje ku Balaka, ndiye anamutumizira thumba lathunthu lochokera kumunda. Anayala thonjelo mmene linabwerera, njere zili momwemo. Chofunda chinatuluka chofewa, anthu anayamikira. Mu January anachichapa, mvula inagwa sabata yathunthu, chofunda chili pachingwe osauma. Amene anandiuza nkhaniyi amalumbira kuti tsiku lachisanu ndi chiwiri chinamera. Ine ndinamufunsa kuti ndiye anachita nacho chiyani. Akuti mchimwene uja anabwera kudzaona, n'kunena kuti mbewu yamera bwino kuposa kumunda, angopatulira.

* * *

M'nyumba ya wosoka muli lamulo limodzi loposa onse: sizasi ya nsalu sidula china chilichonse. Pepala limaibunthitsa, ndiye kulibwanji waya. Koma bambo akafuna chodulira, dzanja limapita lokha pa sizasi yakuthwa kuposa zonse. Wina anadulira waya wa wailesi. Wina anawengera zikhadabo za kumapazi. Neba wathu anapezeka kuseri kwa nyumba akudulira zipsepse za chambo, akuimba kanyimbo, ati mpeni unali kutali. Kuyambira tsiku limenelo mkazi wake amakhoma loko pa zigwiriro za sizasi, kiyi amamanga kumpango pamodzi ndi ndalama za banki m'khonde.

Mwana wawo wa ku Johannesburg anawatumizira chodulira chamakono, kampeni kozungulira kokhala ndi chogwirira, kamene kampani ya ku Japan ya Olfa inayamba kupanga mu 1979. Kamadula nsalu zingapo nthawi imodzi, mzere wowongoka bwino. Mayi anakabisa m'kabati ya kukhitchini poganiza kuti bambo safikako. Anaiwala mtsikana wantchito. Madzulo ake panabwera mandasi a makona anayi ofanana ndendende, ndipo mtsikanayo anayamikira kuti, "Mayi, kampeni kameneka mukanagula kale."

Za mapini ndingonena mwachidule. Abusa anabwera kudzayendera banja lina, anakhala pampando pamene panali chofunda chosatha kusoka, ndipo anaimirira ndi "Aleluya!" wamphamvu kuposa wa pa Pasaka. Eni nyumba anayankha "Amen", poti nanga akanatani.

* * *

Mwana wa azakhali aja amagwira ntchito ya unamwino ku Birmingham. Mumzinda umenewo chaka chilichonse mumachitika chionetsero chachikulu cha zofunda zotere, Festival of Quilts, ndipo anthu amalipira pakhomo kuti akaone. Anaimba foni ya vidiyo ali mkati kuti mayi ake aone nawo.

"Zofunda zonsezi aziyanika m'nyumba? Kunja kukugwa mvula?"

"Sanayanike amayi, apachika kuti anthu aziona."

"Nanga uyo wavala magolovesi oyerayo?"

"Ndi yekhayo wololedwa kugwira. Enafe n'kungoona."

"Ndiye amafunda nthawi yanji?"

"Safunda."

Azakhali anapukusa mutu. "Azungu kuzizira konseko, chofunda n'kukhomera pakhoma."

Mwanayo, pofuna kuwasangalatsa, anawasimbira za Gee's Bend, kamudzi ka anthu akuda ku Alabama, komwe mtsinje unazungulira pafupifupi mbali zonse. Amayi a kumeneko, zidzukulu za akapolo a m'minda ya thonje, ankasoka zofunda ndi mabuluku akutha a amuna awo ndi matumba akale, chifukwa nyumba zinali zozizira ndipo ndalama ya bulangeti panalibe. Mizere yawo sinkawongoka kwenikweni, ankasoka mmene nsalu yaperekera. Mu 2002 zofunda zimenezo zinapachikidwa m'nyumba ya zaluso ku Houston, kenako ku Whitney Museum ku New York, akatswiri n'kumaziyerekeza ndi zojambula za anthu otchuka. Mu 2006 zinaikidwa pa masitampa a dziko la America.

Azakhali anamvetsera mpaka kumapeto. Funso lawo linali limodzi: "Wati mizere yokhota?"

"Eya."

"Ndi mabuluku akutha?"

"Eya amayi."

Anatembenuka n'kuyang'ana atsibweni, amene ankawotha dzuwa pakhonde atavala buluku lawo lokondedwa la zigamba m'mawondo. Atsibweni anaona diso limenelo, ananyamuka mwakachetechete, n'kukakhala kwa neba mpaka mdima.

Ine pa nkhani ya Gee's Bend ndimaima ndi azakhali pang'ono. Chofunda chimene sichinamvepo mkonono wa munthu n'chosakwanira, kaya chipachikidwe ku New York. Koma ndimavomeranso kuti amayi athu akhala akuchita zomwezi zaka zambiri, kulumikiza zotsala za kwa telala kuti ana afunde, ndipo palibe anawajambula pa sitampa. Ankangotchedwa osauka.

* * *

Ku America komweko, m'zaka za m'ma 1930 chuma chitagwa, makampani a ufa ndi a zakudya za nkhuku anazindikira kuti amayi akusoka zovala ndi zofunda ndi matumba awo a nsalu, ndiye anayamba kusindikiza maluwa pamatumbapo. Bambo ankatumidwa kusitolo ndi kachidutswa m'thumba kuti akagule ufa wa maluwa ofanana ndi amenewo. Ndinawasimbira mlamu wanga uja kuti adziwe kuti mavuto ake ali ndi mbiri. Anandiyang'ana mwachisoni n'kutulutsa m'chikwama kansalu kobiriwira kotalika ngati chala.

"Alamu, ndazungulira Limbe yense ndi kameneka. Ndikapeza yobiriwira, akuti yawala kwambiri. Ndikapeza ina, akuti yazimirira. Dzulo ndinapeza yeniyeni."

"Ndiye zatha bwino?"

"Akuti asintha maganizo. Akufuna yofiirira."

* * *

Tsiku lina mudzafuna kugulitsa, ndipo pamenepo mudzadziwa anthu. Mayi wina anasoka miyezi inayi, usiku ndi usiku, magetsi akazima n'kumapalasa makina a Singer a agogo ake pa kuwala kwa tochi ya foni. Anawerengera nsalu, ulusi, singano zothyoka, msana. Anatchula mtengo. Wogula, mayi wa galimoto yake, anatembenuza chofunda uku ndi uku.

"Koma ndi zigambatu izi."

"Eya, ndi mmene chimakhalira."

"Pa kaunjika duveti lathunthu, losang'ambika paliponse, ndigula ndi theka la ndalama imeneyo. Inu mukundigulitsa zong'ambikang'ambika mtengo woposa chatsopano?"

Anachoka osagula. Patapita mwezi, mayi wa galimoto uja anapita kunyanja ndi alendo a kuntchito kwake, n'kupeza chofunda chomwecho m'kasitolo ka pamalo ogona alendo, mtengo wake uli m'madola. Anagula, ndipo pobwera anadzera kwa wosoka uja kudzamuonetsa.

"Mwaona, amayi? Izi ndiye zakunja. Muzionera anzanu mmene amasokera."

* * *

Msuweni wanga anayamba kusoka kachofunda ka mwana ali ndi pathupi pa miyezi isanu. Anasankha nsalu za tiabakha ndi tinyenyezi. Mwana anabadwa chapamwamba chisanathe. Anati amaliza akayamba kukwawa. Atayamba kuyenda, kachofunda kanachepa, ndiye anawonjezera mzere. Atalowa Sitandade 1 anawonjezera wina. Chaka chimene analemba mayeso a Sitandade 8 singano inathyoka, ndipo ntchito inaima mpaka Fomu 2. Nthawi zonse tikapita kukacheza timapeza thumba la kachofundako pakona, ndipo msuweni amaligwira n'kunena kuti, "Sabata ya mawa chimenechi chitha."

Mwezi watha mnyamatayo anabwera kunyumba ndi ndevu zake, ndi mtsikana wamanyazi pambali pake, kudzanena kuti zinthu zachitika ndipo akufunika ankhoswe msanga. Bambo ake anagwira mutu. Amalume anayamba kukonza kukhosi kuti alankhule mawu olemera. Msuweni yekha ndi amene anafunsa funso.

"Miyezi ingati?"

"Isanu, amayi."

Anathamangira pakona, nakutumula fumbi pathumba lija, n'kuyamba kusomola mizere yonse imene anawonjezera.

"Musadandaule ana anga. Ulendo uno ndili patsogolo."